Kodi Lonjezo Limamangabe Munthu Atavulala?

TAYEREKEZERANI kuti ndi usiku wina mu August 2019 ku Mufakose, dera la nyumba zothithikana kumadzulo kwa Harare, Zimbabwe. Magetsi amene anazima mbandakucha angobwera kumene cha m’ma 10 koloko. M’nyumba ina yaing’ono, mwamuna wa zaka za m’ma 30 akudzuka mwakachetechete kuti asadzutse ana, nakhala patsogolo pa kompyuta. Agogo ake anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya manja mu Salisbury, monga momwe mzindawo unkatchedwera. Iye amalemba maprogramu ndi kukonza makompyuta, ndipo alibe womlemba ntchito. Koma usiku uno dzanja lake lamanja lili m’chikhakha. Masiku asanu apitawo anagwa pamakwerero pomangirira waya wa intaneti, nathyoka fupa la mkono pafupi ndi mfundo ya dzanja.

Ntchito zitatu zikumuyembekezera. Sukulu ina yaing’ono ikufuna programu yolembera malipiro a ana isanatsegulidwe mu September, ndipo inapereka kale theka la ndalama. Ofesi ina m’tauni inamsiyira makompyuta anayi akufa. Mmisiri wa mipando wa ku Glen View akudikira programu yoŵerengera katundu wake. Onsewo analonjezedwa tsiku, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziŵa za ngoziyo.

Kodi mwamunayu ayenera kuchitanji? Kodi ayenera kulimba mtima ndi kumaliza zonse ndi dzanja limodzi, zivute zitani? Kapena kodi kuvulalako kwam’masula ku zonse zimene analonjeza? Funsoli limayang’anizana ndi aliyense amene anapatsa ena mawu ake ali wamphamvu, ndiyeno nkupeza kuti nyonga yake yachepa.

Chifukwa Chake Lonjezo Lili Nkhani Yaikulu

Choyamba, nkofunika kuvomereza kuti lonjezo si mawu wamba. Munthu akalonjezedwa kanthu amaleka kufunafuna kwina ndi kuyamba kumanga pa mawuwo. Mwini sukulu uja sanafunenso katswiri wina. Mwinamwake anauza kale makolo kuti malisiti adzayamba kutuluka m’kompyuta. Chotero lonjezo likasweka, ovutika ndiwo aja amene analidalira.

Zimenezi nzowona makamaka kumene anthu ochuluka amadzigwirira okha ntchito, monga momwe zilili ku Mbare, Highfield, Glen Norah ndi Budiriro. Kumeneko mapangano ambiri samalembedwa papepala. Amapangidwa pakamwa kapena pa WhatsApp, ndipo ndalama zingatumizidwe pafoni kudzera mu EcoCash, imene inayamba mu 2011. Munthu wonyengedwa kaŵirikaŵiri sapita kukhoti. Amangouza anansi ake. Motero chuma chenicheni cha wokonza makompyuta ndicho mbiri yakuti amachita zimene wanena. Mawu akuti “ndavulala” paokha samafafaniza thayo limenelo.

Kodi Kwenikweni Analonjeza Chiyani?

Komabe, pali funso lina lofunika kulipenda. Pamene mwamunayu anati, “Mudzailandira sukulu isanatsegulidwe,” kodi anali kulonjeza kuti sadzagwa pamakwerero? Ndithudi ayi. Palibe munthu angalonjeze zimenezo, ndipo mwini sukuluyo anadziŵa kuti akupangana ndi munthu wa thupi ndi mafupa. Lonjezo lililonse la ntchito limapangidwa ndi chidziŵitso, ngakhale chosatchulidwa, chakuti thanzi silili m’manja mwa wolonjezayo kotheratu.

Ndiponso, chimene sukuluyo ikufuna ndicho kulemba malipiro molondola patsiku lotsegulira. Ilibe kanthu kuti ndi zala za yani zimene zalemba programuyo. Zikaonedwa motero, kumakhala kwachionekere kuti kuvulalako kwachotsa mbali imodzi yokha ya zimene mwamunayo angachite. Iye sangagwire ntchito mofulumira monga kale. Koma angathebe kunena zowona ponena za mkhalidwe wake, kupereka mbali imene yatha, kufotokozera katswiri wina mmene programuyo yamangidwira, ndi kubweza ndalama za ntchito imene sanaichite. Lonjezo likummangabe, koma njira yolikwaniritsira yasintha.

Fupa Silimva Zochonderera

Ena angatsutse kuti ntchito ya kompyuta njamutu chabe, ndi kuti munthu wakhama angapirire milungu ingapo. Lingaliro limeneli limaiŵala kuti zonse za m’mutuzo zimadutsira m’dzanja. Kalelo mu 1713, dokotala wa ku Italy Bernardino Ramazzini, powonjezera buku lake lonena za matenda a antchito, anafotokoza mavuto a alembi. Iye anaona kuti amadwala chifukwa cha kukhala pansi kosalekeza, kuyendetsa dzanja m’njira imodzimodzi mobwerezabwereza, ndi kuumiriza maganizo kuti asalakwitse. Zitatu zonsezo zimayambukira wolemba maprogramu ngakhale pamene mafupa ake ali bwino.

Fupa lothyoka nalonso lili ndi ndandanda yake. M’masiku oyamba magazi amaundana pothyokapo. M’milungu iŵiri kapena itatu thupi limamangapo mlatho wofeŵa wonga chichereŵechereŵe, umene pang’onopang’ono umauma kukhala fupa. Kwa wachikulire wothyoka pafupi ndi mfundo ya dzanja, chikhakha kaŵirikaŵiri chimakhala milungu ngati isanu ndi umodzi, ndipo fupalo limapitirizabe kudzikonza kwa miyezi yambiri pambuyo pake. Madokotala amalangiza kukweza dzanjalo ndi kumagwedeza zala kuti zisaume, koma amaletsa kunyamula zolemera ndi kupotokola mkono, zimene wokonza makompyuta amachita tsiku lililonse pomasula tizitsulo ndi ponyamula makina kukwera nawo kombi. M’milungu yoyamba fupa lingasunthe ngakhale lili m’chikhakha, ndipo likalumikizana mokhota munthu angakhale ndi dzanja lofooka moyo wake wonse.

Wonjezeranipo vuto la magetsi. Mu 2019, madzi atachepa m’nyanja ya Kariba chifukwa cha chilala, madera ambiri a Harare anali kukhala opanda magetsi kufikira maola 18 patsiku, ndipo vutolo linabweranso mwamphamvu chakumapeto kwa 2022 ndi mu 2024. Amene analibe sola kapena jenereta anakakamizika kugwira ntchito pakati pa usiku, panthaŵi imene thupi lovulala limafunikira tulo. Munthu woyesa kutsiriza ntchito zitatu ndi dzanja lamanzere, ali ndi ululu ndiponso wosagona, amalakwitsa mosavuta. Ndipo cholakwa chimodzi m’programu ya malipiro chingachititse mwana amene makolo ake analipira kubwezedwa pachipata cha sukulu. Kodi kumeneko kungatchedwe kusunga lonjezo? Akale anati: “Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.”

Cholakwa Chenicheni Ndicho Kubisa

Chiyeso chachikulu kwa mwamunayu ndicho kukhala chete. Iye angayankhe uthenga uliwonse kuti, “Yatsala pang’ono, bambo,” akumayembekezera kuti zinthu zidzayenda mwa njira ina yake. Angaimbe mlandu magetsi, pakuti aliyense adzakhulupirira zimenezo. Kapena angangozima foni. Palibe chilichonse cha zimenezi chimene chimaoneka ngati bodza lalikulu. Komabe zonsezo zimalanda mwini sukuluyo chinthu chimene chili chake, ndicho mwaŵi wa kudzisankhira chochita nthaŵi idakalipo.

Nthaŵi njofunika kwambiri pantchito imeneyi. Mu 1975, Frederick Brooks, amene anayang’anira ntchito yaikulu ya maprogramu pakampani ya IBM, anafotokoza m’buku lake lakuti The Mythical Man-Month kuti kuwonjezera antchito pa programu imene yachedwa kale kumaichedwetsa koposa. Chifukwa ninji? Chifukwa chakuti watsopanoyo ayenera kuyamba waphunzira zimene zili m’mutu mwa woyambayo, ndipo womphunzitsayo amaleka ntchito yake. Tanthauzo lake kwa wovulala nloonekeratu. Ngati aulula mlungu woyamba, mnzake wa ntchito angaphunzire programuyo ndi kuitsiriza. Ngati aulula kutatsala masiku aŵiri, ngakhale katswiri woposa onse mu Harare sangathandize. Chowonadi chonenedwa mochedwa chimakhala chitataya mbali yaikulu ya phindu lake.

Nanga nchifukwa ninji anthu owona mtima pazinthu zina amabisa kuvulala? Chifukwa chimodzi ndicho mantha, ndipo manthawo ali ndi maziko. Ku Zimbabwe, bungwe la National Social Security Authority limayendetsa makonzedwe olipirira ovulala pantchito, ndipo lili ndi malo ku Bulawayo othandizira oterowo kuchira. Koma makonzedwewo amachirikizidwa ndi ndalama zoperekedwa ndi olemba ntchito, ndipo munthu wodzigwirira yekha ntchito kaŵirikaŵiri amakhala kunja kwake. Kwa iye, mlungu wopanda ntchito ndiwo mlungu wopanda ndalama ya lendi. Iye akudziŵanso kuti wogula amene wapita kwa wina mwina sadzabweranso. Kungakhale kupanda chifundo kuchepetsa nkhaŵa yoteroyo.

Ngakhale kuli tero, mantha amangofotokoza chifukwa cha kubisako, samakulungamitsa. Wobisayo amasamutsira ngozi yake pa munthu wina amene sanavomere kuisenza. Ndiponso, nthaŵi zina pansi pa manthawo pamakhala kunyada. Munthu amene wazoloŵera kuitanidwa pamene ena onse alephera angaone kukhala kovuta kunena kuti, “Sindingathe.” Kudzipenda mowona mtima kungamthandize kuona ngati akutetezera chakudya cha ana ake kapena dzina lake lakuti salephera.

Njira ya Kuwona Mtima Ili ndi Mtengo Wake

Tsopano tayerekezerani kuti mkazi wa mwamuna uja wadzuka nampeza akulimbana ndi kompyuta. “Bambo, taonani mmene zala zanu zatupira,” iye akutero. “Kodi anthuwo mwawauza?” M’maŵa mwake mwamunayo akuimbira foni mwini sukulu. “Pepani bambo, ndathyoka dzanja, ndipo adokotala akuti milungu isanu ndi umodzi. Mbali yolembera maina ndi malipiro ndingaimalize mothandizidwa ndi mnzanga sukulu isanatsegulidwe. Mbali yotsalayo idzachedwa kufikira October. Ngati simungathe kudikira, ndikupatsani zonse zimene ndachita ndi kubweza ndalama zotsala.” Makompyuta anayi aja akuwatumiza kwa wokonza wina eni ake atavomereza. Mmisiri wa ku Glen View akumpempha mwezi umodzi.

Onani kuti iye sanangopepesa. Watchula chimene angathe, chimene sangathe, ndi tsiku latsopano limene dzanja lake lingalole, ndiyeno wasiya chosankha m’manja mwa mwini wake. Kodi zotulukapo zidzakhala zabwino? Palibe chitsimikizo. Mwini sukuluyo angafune ndalama zake, ndipo ofesi ija ingakonde wokonza watsopanoyo. Kuwona mtima sikumalipira nthaŵi zonse mwezi womwewo. Koma kutaya ntchito imodzi nkosiyana kwambiri ndi kutaya dzanja kapena mbiri yabwino, zinthu zimene sizimabwerera msanga.

Kuwona mtima kumeneku kuli ndi mbali yachiŵiri. Chikhakha chikachotsedwa ndipo dzanja layamba kulimba, kuvulalako sikuyenera kukhala chobisalirako. Munthu amene apitiriza kunena kuti “dzanja lija” pamene chomchedwetsa chili ntchito yatsopano ya ndalama zambiri akunama mofanana ndi uja amene anabisa ngozi yake. Tsiku latsopano limene walonjeza limammanga zolimba monga loyamba lija.

Thayo la Olonjezedwa

Bwanji ponena za awo amene akuyembekezera ntchitoyo? Iwo ali ndi kuyenera kwa kufuna chimene analipirira, ndipo nthaŵi zina sangachitire mwina koma kupita kwa wina. Komabe, kukanakhala bwino kudzifunsa kuti: ‘Kodi tsikulo nlosasunthikadi, kapena ndangoipidwa ndi kudikira? Ndikanakhala ine m’chikhakhamo, kodi ndikanafuna kuchitiridwa motani?’ Wogula amene amalanga munthu kaamba ka kunena zowona akuphunzitsa amisiri onse omzinga kuti ulendo wina adzamnamize.

Achibale ndi mabwenzi alinso ndi mbali yawo. Anthu ochokera ku Nyasaland amene anakhazikika m’madera ameneŵa anadziŵika ndi magulu awo othandizana pamaliro, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Mzimu umodzimodziwo ngwofunika munthu akali moyo. Mphwake angamnyamulire makina. Mnansi amene ali ndi sola angamlole kutchaja laputopu masana kuti usiku agone. Mnzake wa ntchito angamalize programuyo popanda kumlanda wogula. Zinthu zazing’ono zoterozo zimachepetsa mtengo wa kunena zowona.

Chotero, kodi lonjezo limamangabe munthu atavulala? Inde, limammanga. Silimamlamula kuwononga thupi limene banja lake lidzadalira kwa zaka zambiri, ndipo silimamlola kuzimiririka. Limafuna kuti asamalire ubwino wa amene anamdalira mwa njira zimene zatsala m’manja mwake, ndipo yoyamba ya njirazo ndiyo kunena zowona mwamsanga. Pambuyo pa milungu isanu ndi umodzi chikhakha chidzadulidwa, ndipo mwamuna wa ku Mufakose uja adzayamba kuphunzitsanso dzanja lake kupinda ndi kugwira. Panthaŵiyo adzafunikira anthu okhulupirira mawu ake, ndipo zimenezo zidzadalira pa chimene anawauza mlungu woyamba uja.