Kodi Mwana Wosacira Ayenera Madokotala Ambiri?

Pa zipatala zazikulu, monga ca Kamuzu ku Lilongwe, mwana wodwala nthenda ya sikoselo amasamalidwa ndi anthu ambiri: dokotala wodziwa za magazi, namwino, woyeza magazi ndi wopereka mankhwala. Tsono ena afunsa nati: Kodi ncilungamo kusonkhanitsa akatswiri onsewa pa mwana amene adzakhala ndi nthendayo moyo wace wonse, pamene ku midzi ambiri akufa ndi malungo amene amacizika ndi mankhwala a masiku 3?

Funsoli tisalinyoze, pakuti madokotala ngocepa ndithu. Koma tiyambe taona nthendayo. Dokotala James Herrick wa ku Chicago ndiye adailongosola m'caka ca 1910. Tizigawo tofiira ta m'magazi timakhala tobulungira, ndipo timatha masiku ngati 120. Mwa wodwalayu timapindika ngati cisikilo comwetera udzu, timafa pasanathe masiku 20, ndipo timatseka mitsempha. Apo ndiye mwana amalira ndi ululu wa m'mafupa, magazi namcepera. Kumteteza kulira penisilini tsiku ndi tsiku, mankhwala ochedwa hydroxyurea, ndiponso nthawi zina magazi a munthu wina oyezedwa bwino. Nchito yotereyi munthu mmodzi sangaithe.

Nanga cilungamo nciani? Si kugawa mofanana ngati mcere pa msika ai. Mai wanzeru amacezera usiku pa mwana wodwalitsa, ndipo anzace ogona sawalakwira. Ulemu wa munthu sucepa cifukwa cakuti nthenda yace njosatha. Tikayamba kuwerenga amene ayenera cisamaliro poona ngati adzacira, mawa tidzataya nkhalamba ndi opunduka.

Komabe odandaulawo ali ndi mau. Nzeru zounjikidwa m'mzinda zisanduka mlandu ngati mwana wa kumudzi afa osayezedwa. Akatswiriwo ali ndi ngongole ya kuphunzitsa anzao a m'zipatala zazing'ono.

Ifenso tiri nayo mbali yathu. Amene muli ndi mphamvu, pitani mukapereke magazi. Inu aphunzitsi a m'midzi, uzani mabanja kuti nthendayi si ufiti, ndipo sicokera kwa mai yekha. Mwana amaitenga kwa makolo onse awiri, ngakhale iwowo aoneka athanzi. Pa mimba iriyonse ya banja lotere, mpata wakuti mwana adwale ndi 1 mwa 4. Bambo wodziwa zimenezi sadzathamangitsa mkazi wace, koma adzaperekeza mwanayo ku cipatala.