Kodi kunena kuti "sindikudziwa" n'kudzicepetsa?

Pa nchito yanga ya pa wailesi ndaona kuti ife a kuno ku Molumbo timaopa nthenda yopanda dzina kuposa nthenda yeniyeniyo. Munthu akadwala, timafuna wina atiuze msanga kuti n'ciani. Ndiye ndifunse: wopatsa nthenda dzina lolakwa ali ndi mlandu, ngakhale anafuna kuthandiza?

Taganizani za mwana wobadwa ndi cialubino. Khungu lake limasowa melanin, imene imadetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa. Amatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale onsewo ali akuda, ndipo pa mimba iliyonse ya makolo otere mpata ndi umodzi mwa inayi. Si khate, ndipo sicipatsirana. Koma mudzi ukangoti ndi tsoka, kapena kuti mayi anayenda ndi mzungu, banja limatha ndipo mwana amakulira kobisika.

Akakula n'kumalima padzuwa opanda cipewa, pakhosi kapena pankhope pamabuka cilonda cosapola. Uyu amati ndi cipere, uyo amati am'lodza. Miyezi imatha akupaka mankhwala olakwa, pamene ndi khansa ya pakhungu, imene ikadziwika msanga amatha kuicotsa ndi opaleshoni. Ena pofika ku Quelimane imakhala itafala kale.

Wina adzati namwino wa kumudzi alibe zipangizo, ndipo agogo sanaphunzire zimenezi. N'zoona, kusadziwa si mlandu. Mlandu umayamba pamene munthu waphimba kusadziwa kwake ndi mau olimba, cifukwa wodwala akalandira dzina amaleka kufunafuna. Akulu anati safunsa anadya phula. Nanga amene wafunsa n'kuuzidwa zabodza, phulalo wam'dyetsa ndani?

Kumene bodza lotere limafikitsa tinakuona. Anthu acialubino anaphedwa ku Zambezia, ku Nampula ndi ku Malawi cifukwa ena anati mafupa ao amalemeretsa, mpaka mu 2016 Ikponwosa Ero wa ku United Nations anabwera ku Mozambique kudzafufuza. Tsiku la 13 June linaikidwa kuti dziko lonse lizikumbukira ufulu wao.

Kwa ine, sing'anga, namwino kapena mkulu wa mpingo amene wanena kuti "sindikudziwa, pitani ku cipatala ca ku Milange akakuoneni" sanadzicepetse. Wam'siyira wodwalayo nthawi yoti apeze thandizo cilonda cisanafale.