Kodi Uli ndi Wako Kumeneko?

Chaka ndi chaka nthungululu zimalira ku Zomba, zimalira ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Thyolo, ana athu atavala mikanjo kukalandira madigiri awo. Amayi amayala chitenje pansi kuti mwana apondepo. Abambo amene anathera ndalama za fodya wa zaka zinayi pa fizi, kapena amene anagulitsa ng'ombe yomaliza m'khola, amapukuta misozi mobisa. Ndipo chaka ndi chaka, nthungululu zija zisanathe n'komwe m'makutu, mwana yemwe uja amanyamula envelopu ya khaki n'kuyamba ulendo umene palibe anamukonzekeretsa. Amayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, kuchokera ku Area 25 mpaka ku Capital Hill, dzuwa likuswa mtengo, nsapato zikutha kuchidendene, ndipo kulikonse amathera pageti, pomwe mlonda amamuuza kuti, "Ingosiyani pompano, akuimbirani." Foni siilira.

Koma chimene chikundidya mtima koposa ndi funso limene mwanayu amakumana nalo kunyumba akanena kuti waona ntchito m'nyuzipepala ndipo akufuna kufunsira. Palibe amamufunsa ngati ntchitoyo angaithe. Palibe amamufunsa ngati mapepala ake akukwana. Amamufunsa kuti, "Kodi uli ndi wako kumeneko?" Ofunsawo si mbava ayi. Ndi amalume ake, ndi mayi ake omubala, ndi mkulu wa mpingo amene Lamulungu lomwelo anaima kutsogolo n'kuwerenga Mawu. Amafunsa mwachikondi, amafunsa modekha, mtima uli m'malo. Mwanayo akati alibe, onse amagwetsa nkhope, pakuti onse akudziwa kuti nkhani yathera pomwepo. Kalanga ine! Tinafika liti pamenepa? Linali tsiku lanji limene tinagwirizana, popanda msonkhano, popanda mfumu kulamula, kuti thukuta la mwana lilibe mawu pokhapokha wina wamkulu alilankhulire?

Sindikukana kuti ntchito n'zochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'dziko muno, ndipo theka la iwo linali lisanakwanitse zaka 18. Maphunziro aulere a pulayimale amene anayamba mu 1994 anadzaza makalasi, ana aja anakula, sukulu za ukachenjede zinachuluka, za boma, za mipingo ndi za anthu wamba, koma mafakitale sanachuluke nazo. ADMARC, imene inali ndi misika m'boma lililonse, inachotsa antchito ake mu 2022. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo olemba ntchito ambiri anayamba kuwerenga khobidi lililonse. Aphunzitsi amamaliza maphunziro m'makoleji n'kudikira zaka kuti boma liwalembe, kwinaku ana akuunjikana pansi pa mtengo kudikira mphunzitsi. Anamwino ali khale pakhomo, zipatala zikusowa manja. Zonsezi n'zoona ndipo n'zowawa. Koma chaka cha njala ndicho chimaonetsa mtima wa mudzi, pakuti chimanga chikachepa m'nkhokwe, maso onse amakhala pa dzanja la wogawa. Ntchito zochepa zomwezo, tikuzigawa motani?

Akuluakulu amene anaphunzira zaka za m'ma 1970 amasimba za nthawi imene mwana wa mlimi, wopanda dzina, wopanda wachibale m'tauni, ankatuluka pakoleji ntchito ikumudikira. N'zoona kuti anali ochepa. Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko mu 1965 ndi ophunzira 90 okha. N'zoonanso kuti masiku amenewo anali ndi mdima wake, anthu ankatsekeredwa popanda mlandu, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto anabwezedwa kwawo mwatsankho. Sindikulira ulamuliro umenewo. Ndikulira manyazi. Munthu wokondera ankadziwa kuti akuchita cholakwa, ndipo ankachichita usiku, akucheuka. Mudzi unkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawuwo ankamanga munthu manja. Lero wokondera amadzitama masana pamaliro kuti, "Ana a kwathu onse ndawalowetsa," ndipo timamuombera m'manja kuti ndi munthu wokumbukira kwawo. Amene wakana kulowetsa mphwake wosayenera timamutcha wouma mtima, wodzikonda, woiwala kumene anachokera. Manyazi anapita kuti, abale anga? Anapita kuti manyazi?

Taganizirani mwambo wachinyengo umene tauzolowera. Ntchito imalengezedwa m'nyuzipepala mwiniwake atapezeka kale. Chilengezocho n'chongokwaniritsa lamulo, kuti ofufuza akadzabwera adzapeze mapepala ali m'malo. Koma mtsikana wa ku Chitipa sakudziwa zimenezo. Mnyamata wa ku Nsanje sakudziwa. Iye amakongola ndalama ya basi kwa akatapila, amabwereka jekete kwa mnzake, amagona padepoti ku Lilongwe chikwama atachitsamira, m'mawa n'kusamba kumaso pampopi kuti akaoneke bwino pamaso pa mabwana. Amalowa m'chipinda mtima ukugunda. Amayankha mafunso ndi nzeru zake zonse. Ndipo anthu asanu okhala kuseri kwa tebulo, anthu ophunzira, anthu a maina, anthu amene nawonso ali ndi ana, amagwedeza mitu, amalemba timanambala papepala, amamuthokoza chifukwa chobwera, akudziwa mumtima mwawo kuti dzina lasindikizidwa kale. Kodi usiku umenewo amagona bwanji? Kodi nsima imatsika bwanji pakhosi? Ofesi ya Ombudsman yakhala ikupeza kuti anthu ena m'mabungwe a boma analembedwa mosatsata malamulo, ndipo yalamulapo kuti maudindo ena athetsedwe. Koma palibe ofesi imene ingabweze kwa mwana uja chimene anamubera tsiku limenelo. Ndalama ya basi adzabweza. Chikhulupiriro chakuti kuyesetsa kuli ndi mphotho ndicho sadzachipezanso.

Pamene palibe wachibale, pamayenda ndalama. Ntchito ili ndi mtengo, ndipo mtengowo umanong'onedwa poyera. Kholo limagulitsa munda kuti mwana agule mpando. Nanga wogula mpando adzaukhala bwanji? Adzayamba wabweza zimene anawononga, ndipo adzazibweza pa wodwala, pa wamalonda, pa mayi wamasiye wodzafuna mapepala a penshoni ya mwamuna wake. Tinadabwa mu 2013 mabiliyoni atasowa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate, tinagwira pakamwa ngati kuti mbavazo zinachokera kudziko lina. Koma chikumbumtima sichifa tsiku limodzi. Chimayamba kufooka pakhomo lolowera, pamene munthu waphunzira kuti chitseko chimatsegulidwa ndi chiphuphu, ndipo amakalamba nalo phunzirolo. Pambali pake pamera akamberembere a pa Facebook ndi pa WhatsApp, olengeza ntchito zimene kulibe, ouza lova kuti atumize kangachepe pafoni kuti dzina lake lilowe. Amabera munthu amene alibe kanthu. Ndipo amamupusitsa mosavuta chifukwa ife tonse tinamuphunzitsa kale kuti ntchito imapezeka choncho.

Za ana athu aakazi ndilembe ndi mawu otani? Mtsikana waphunzira zaka zinayi, wagona ndi njala kuti agule mabuku, wapambana anyamata m'kalasi, ndipo pamapeto pake bambo wa msinkhu wa atate ake, wa mphete pachala, amamuuza kuti, "Mapepala ako ndawaona, tikakambirane madzulo." Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere pantchito. Lamulo lilipo. Koma mtsikanayu sanalowe n'komwe ntchito, akadandaula kwa yani? Akakana, amabwerera kunyumba kukamva kuti ndi wonyada. Akalola, dziko lomwelo limene linamukankhira kumeneko limamuloza chala, bambo uja n'kumapitiriza kukhala pampando wakutsogolo m'tchalitchi. Inu abambo, amene mwasandutsa ofesi kukhala msampha, kodi mulibe ana aakazi? Kodi mukuganiza kuti wanu akadzanyamula envelopu yake adzakumana ndi angelo?

Ena sapempha ndalama kapena thupi, amangodya mphamvu za mwana ulele. Amafuna luso la zaka zisanu kwa munthu amene wangotuluka kumene pasukulu, ndipo akamulandira kuti aphunzire ntchito, amamugwiritsa ya munthu wathunthu chaka chonse osamupatsa ngakhale ya minibasi, kenako n'kutenga wina. Andale nawo adziwa kuti njala ya achinyamata ndi mavoti. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Chaka chomwecho ku Mzuzu anthu anavulala popanikizana pamalo a mayeso a ntchito za umoyo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati kumeneko, ndipo ambiri otsala ankawasirira. Agogo awo ankapita ku Joni pa Theba alibe sukulu. Zidzukulu zikuwoloka Limpopo digiri ili m'chikwama, kukasesa mabwalo a anthu. Chipani chilichonse chikalowa chimabwera ndi ana ake, ndipo wachinyamata waphunzira kuti nsalu ya chipani imalemera kuposa satifiketi.

Ndipo ife otsala, ife a m'makomo ndi m'mipingo, tisadziyeretse. Mnyamata wa digiri amene wavomera kupalasa kabaza kapena kukhala m'kabenchi kotumizira ndalama pafoni, kuti adye za thukuta lake, timamuseka kuti sukulu inamupindulira chiyani. Mnzake amene wamanga nyumba yosanja patangotha zaka ziwiri ali pantchito ya boma, sitimufunsa kumene wazitenga, timamuitana kuti adzakhale mlendo wolemekezeka pa chopereka cha mpingo. Alipo ovala makolala ndi odzitcha aneneri amene amalipiritsa lova kuti apempherere envelopu yake. Kenako timadabwa ana athu akamathera tsiku pa juga ya kandege, akamamira m'kachasu, ena akamadzichotsera moyo mwakachetechete, ngongole ya sukulu ikuwadikira. Tinawauza kuti limbikirani sukulu. Anatimvera. Analimbikira. Ndipo atabwera ndi chimene tinawatuma, tinawaonetsa ndi zochita zathu kuti tinkanama.

Inu amene mumakhala kuseri kwa tebulo, inu a maofesi olemba anthu ntchito, inu alembi aakulu, inu mabwana a makampani ndi a mabungwe, ambiri a inu munachokera kumudzi opanda nsapato. Wina amene sankadziwa atate anu, amene sankalankhula chilankhulo cha kwanu, anaona mapepala anu n'kunena kuti mwana uyu akuyenera. Munadutsa pa chilungamo cha munthu wachilendo. Lero mndandanda uli patebulo panu, ndipo pali dzina limene simukulidziwa, la mwana wopanda womuimbira foni, amene wapambana onse. Pambali pake pali kapepala kochokera kwa akuluakulu. Dzanja limene likufufuta dzina la mwana ameneyo ndi lanu, ndipo cholembera chake munachigwira chifukwa tsiku lina munthu wina anakana kufufuta lanu.