Kodi Kuvotera Wosamkonda Nkunama?

Pa chisankho cha 2019 Peter Mutharika adapeza mavoti osakwana 39 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35, Saulos Chilima 20. Taganizani za munthu wokonda Chilima koma wotopa ndi Mutharika. Atsate mtima, kapena aponyere Chakwera amene adali pafupi kupambana? Ena amati kutero nkunama. Ine ndikukana. Pepala la voti limafunsa dzina limodzi lokha, silifunsa wachiwiri wako; tsono munthu anganame bwanji pa funso lopereweza chotere? Khoti litagamula mu 2020 kuti wopambana azipitirira theka la mavoti, kuwerengera kuja kudasamukira kwa atsogoleri eni ake. Chakwera ndi Chilima adaimira pamodzi, napeza mavoti oposa 58 pa 100.