Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaikhudza imalowetsa mutu m'chigoba, ndipo maso ake suwaona mpaka utakhala phee n'kudikira. Mwambiwu ukumuyenera mnyamata amene kompyuta yake yakale ya patebulo imazima yokha masewera akangofika pokoma. Ambiri amathamangira kufufuta Windows n'kuikanso, ena amakagula graphics card yatsopano, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo.

Kompyuta imene imagwira bwino polemba kalata koma n'kuzima pa masewera nthawi zambiri imakhala ikuvutika ndi kutentha kapena kuchepa kwa mphamvu ya magetsi. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro, ndipo kutentha kukapitirira imadzizimitsa kuti isapse. Ikani pulogalamu ngati HWMonitor, muziona manambala uku mukusewera. Akakwera kwambiri, zimitsani, zulani pulagi, mutsegule bokosi. Mupeza fumbi litaundana pa heatsink ngati thonje, fani ikuzungulira mwaulesi, thermal paste ija ili pakati pa purosesa ndi heatsink itauma gwa. Pukutani bwinobwino, mupake yatsopano, kadontho kakang'ono basi.

Ngati kutentha kuli bwino, kayikirani power supply. Ikakalamba imalephera kupirira pamene graphics card yayamba kukoka mphamvu zambiri. Bwerekani ina kwa mnzanu muyese. Sinthani chinthu chimodzi kenako muyese, apo ayi simudziwa chimene chachiza. Koma power supply yokhayo musaitsegule. Ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi, ndipo angakuvulazeni.