Kodi Munthu Amathera Pati?

Khasu la agogo likathyoka mpini timalowetsapo wina. Pakapita zaka, chitsulo chake chikatha ndi nthaka, timagula china n'kuchikhomera pa mpini uja. Komabe ana akatifunsa timayankha mosakayika kuti ili ndi khasu la agogo. Agiriki akale adali ndi mwambi wonga womwewu wonena za ngalawa ya Theseus, imene matabwa ake ankasinthidwa limodzilimodzi mpaka anzeru adayamba kukangana ngati idali ngalawa yomwe ija. Pokamba za khasu funsoli ndi loseketsa. Koma tikachotsa khasu n'kuikapo munthu, kuseka kumatha.

Anthu a ku Japan ndiwo adaikapo munthu. M'chaka cha 1989 Masamune Shirow adayamba kufalitsa nthano ya zithunzi yotchedwa Ghost in the Shell, ndipo mu 1995 Mamoru Oshii adaisandutsa filimu ya zojambulajambula, zija ana amati makatuni, ngakhale kuti iyi si ya ana ayi. Nthanoyo ikuchitika m'chaka cha 2029. Mwini nkhani ndi Motoko Kusanagi, mkazi wotsogolera kagulu ka apolisi achinsinsi. Thupi lake lonse, kuyambira kuphazi mpaka kutsitsi, ndi lopangidwa ku fakitale; cha chibadwidwe chimene chidatsala ndi ubongo wokha, wotsekeredwa m'chigoba. Munthu wotere, wosakanizika mnofu ndi makina, amamutcha cyborg.

Kwa zaka pafupifupi 30 okonda nthanoyi m'maiko ambiri akhala akukangana za mkaziyu, ndipo mkanganowo ndi wotentha ngati wa ochemerera mpira. Kodi ubongo wake udatsala wonse kapena kachigawo chabe? Thupi lake adaliluza liti? Mafilimu ena otsatira amati adapulumuka pa ngozi ya ndege ali mwana. Ena a 2013 amati sadakhalepo ndi thupi la mnofu chibadwire. Ya ku America ya 2017 idapeka mbiri inanso. Nanga mnzake Togusa, amene thupi lake pafupifupi lonse ndi la chibadwidwe, kodi ndi munthu kuposa iye? Wina angati awa ndi macheza a anthu okhuta. Ife sitikuganiza choncho. Pansi pa mkanganowu pali funso loti mnofu uyenera kutsala wochuluka bwanji kuti munthu akhalebe munthu, ndipo funso limeneli lidafika kwathu kale filimu isanajambulidwe.

Pa 3 Disembala 1967, ku chipatala cha Groote Schuur mu mzinda wa Cape Town, dokotala Christiaan Barnard adachotsa mtima wa munthu wodwala n'kuikamo wa mtsikana amene adafa pa ngozi ya galimoto. Wodwalayo adakhala moyo masiku 18. Kwa ife amene timati uyu ngwa mtima wabwino, uyo ngwouma mtima, winayo mtima wake uli m'malo, nkhaniyi idali yozunguza mutu. Komatu amene adatsitsimuka pa bedi paja adali bambo yemwe uja, wodziwa mkazi wake ndi dzina lake. Chilankhulo chathu chidaika umunthu mu mtima. Mpeni wa dokotala sudaupezemo. Okangana a lero angousamutsira ku ubongo, n'kumauyeza pa sikelo ngati thonje la pamsika.

Tisapite kutali. M'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, m'boma la Balaka, muli Utale, mishoni imene Abambo a chiMontfort adatsegula mu 1908, ndipo pambuyo pake padamangidwa malo osamalirako odwala khate amene adadziwika m'dziko lonse. Kumeneko kunkabwera anthu amene matenda adawadula zala za kumanja ndi kumapazi, ena adawagwetsa mphuno, ena adawatseka maso. Tikadatsata masamu a okangana aja, tikadati munthu wotsala ndi zala zitatu umunthu wake wachepa poyerekeza ndi wa zala khumi. Midzi yambiri idawerengadi motero: wakhate ankamumangira kanyumba kutchire, mbale yake payokha, ndipo ena pomwalira sankaikidwa m'manda monga anzawo. Koma anthu omwewo atafika ku Utale ankalima, ankakwatirana, ankabereka ana, ankakangana za malire a munda monga wina aliyense. Chimene chidawachepetsa si zala zimene zidagwa, koma anthu amene adaleka kuwaitana ndi dzina. Mankhwala ophatikiza atabwera m'zaka za m'ma 1980 khate lidachepa kwambiri, ndipo mu 1994 Malawi adafika pa muyeso umene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lidaika, ngakhale kuti matendawo sadatheretu.

Tsono wina angafulumire kunena kuti thupi lilibe kanthu, ndi chigoba chabe monga dzina la filimu likunenera, ndipo munthu weniweni ndi kanthu kena kobisala m'katimo. (Liwu loti ghost pano silikunena mzukwa wa kumanda, likuyandikira ku chimene ife timati mzimu.) Apa ndi pamene tikusiyana nawo, ndipo mphunzitsi wathu ndi khate lomwelo. Kachilombo ka khate sikadya zala monga ambiri amaganizira. Kamaononga mitsempha ya kumva, kotero kuti dzanja limagwira mphika wotentha osadziwa, phazi limaponda minga tsiku lonse osamva, chilonda chimakula mwini wake ali phee. Dzanja likaleka kupweteka limasanduka ngati chipangizo, ndipo munthu amayamba kuligwiritsa ntchito monga agwiritsira khasu, mpaka litatha. Ululu umene timadana nawo ndiwo umatiuza kuti dzanjali si langa chabe monga malaya ali anga, koma ndine. Ngakhale Motoko wa m'filimu amakasambira pansi pa nyanja, thupi lake lolemera lingathe kumumiza, pofuna kumvako mantha ndi kuzizira. Nayenso chigoba sichimukwanira.

Eklezia adaona zimenezi kale. Msonkhano wa ku Vienne mu 1312 udaphunzitsa kuti mzimu ndiwo umapanga thupi kukhala thupi la munthu. Suli ngati mlendo wokhala m'nyumba ya lendi. Makolo athu sadapite ku Vienne, koma ankasambitsa maliro ndi ulemu, kuwadzoza ndi kuwaveka. Palibe amene amasambitsa chigoba cha nkhono.

Pali kachigawo kena ka filimuyi kamene okangana sakonda kukhalitsapo, koma ife katisautsa kuposa zitsulo zonse. Munthu wina wogwira ntchito yotola zinyalala, akuba a pa kompyuta adamulowa m'mutu n'kumuikira zikumbukiro zabodza. Iye ankakhulupirira kuti ali ndi mkazi ndi mwana wamkazi, n'kumavutika mtima chifukwa cha banja lake, pamene chikhalire adali mbeta. Thupi lake lidali lonse, koma adamubera chinthu chachikulu kuposa mwendo. Amene adasamalirapo gogo woiwalaiwala, wosazindikiranso ana ake, adziwa kuti chikumbukiro nachonso chimatha. Komabe sitileka kumutcha agogo, ndipo phala timamupatsa loyamba. Pamene iye waiwala, ife timamukumbukirira.

Funso limene likanayenera kutentha kwambiri ndi lakuti thupi lopangalo mwini wake ndani. M'filimu muja thupi la Motoko ndi katundu wa boma. Limafuna akatswiri olikonza nthawi ndi nthawi, ndipo atati asiye ntchito ayenera kulibweza, pamodzi ndi zina za m'mutu mwake. Izi sizilinso nthano yokhayokha. Mu 1958 ku Sweden madokotala adaika koyamba kamakina kothandiza mtima kugunda m'chifuwa cha munthu, ndipo mu 2024 kampani ya Neuralink ku America idaika kachipangizo mu ubongo wa mnyamata wofa ziwalo, kuti aziyendetsa kompyuta ndi maganizo okha. Tiyenera kuthokoza nzeru zotere. Koma chiwalo chimene chili ndi kampani yake, mtengo wake ndi tsiku lake lotha ntchito chimamangirira munthu kwa amene ali ndi zokonzera. Mkono umene tidabadwa nawo sutitumizira ngongole.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope yosavuta kuizindikira. Mwana wa ku Rivirivi amene wadulidwa mwendo chifukwa cha ngozi ya pamsewu kapena chilonda chosapola angathe kulandira mwendo wopanga ku Blantyre kapena ku Lilongwe, n'kubwerera akuyenda, mudzi wonse ukululutira. Palibe amene amafunsa ngati akadali mwana yemwe uja. Koma mwana amakula, pamene mwendo wopanga sukula. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri umayamba kuthina ndi kutupitsa chitsa, lamba amaduka, phazi limang'ambika ndi miyala ya m'njira ya kusukulu. Pamafunika ulendo wina, ndalama ya basi ya anthu awiri, ndi wina wotsala kuyang'anira munda. Ndalamayo ikasowa, mwendo uja amaupachika kudenga pafupi ndi mbewu ya chimanga, ndipo mwana amabwerera ku ndodo.