Ngongole ya Luso

Pali dandaulo limene olemba anthu ntchito satopa nalo. Amati timamphunzitsa munthu ndi ndalama zathu, koma akangoidziwa ntchito amatithawa. Dandauloli ndimalimva, koma limandisiyira funso: kodi munthu wophunzitsidwa pantchito ali ndi ngongole kwa yani?

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1894 Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, kumene anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi uphunzitsi. Amishoni ankakonza antchito awoawo. Koma ambiri atadziwa ntchito anatsika phiri n'kulowera ku Rhodesia ndi ku Joni, kumene malipiro anali okwererapo. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie, anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Kodi tinene kuti ameneyu anaba maphunziro a mishoni? Ine ndikukana. Luso si khasu lobwereka loti dzuwa likapendeka ukabweze kwa mwini wake. Likalowa m'manja mwa munthu limatsala momwemo, ndipo kumene manjawo apita nalonso limapita.

Komabe mabwana sadandaula pachabe. Kampani ikatumiza kalaliki kukosi imalipira sukulu, imamlipiranso mwezi ndi mwezi iye kulibe, kenaka kampani ina imene sinatayepo ngakhale tambala imamkopa ndi kandalama kowonjezera. N'chifukwa chake pali mapangano oti wobwera kukosi agwire zaka zakutizakuti asanachoke. Pangano lotere silindiwawa, malinga likhale lolembedwa ndiponso likhale ndi tsiku lothera, pakuti ngongole yopanda mathero dzina lake ndi ukapolo. Boma nalo linaona vutoli. Lamulo la mu 1999 limene linakhazikitsa TEVETA limati olemba ntchito azipereka msonkho wa maphunziro a luso molingana ndi malipiro a antchito awo, kuti wokolola amene sanalime naye asonkheko mbewu.

Koma pamkangano wa bwana ndi wophunzira pali munthu wachitatu amene sitimtchula, ndipo ife a pasukulu pano tiyenera kumuganizira, chifukwa ndiye adzatilandira. Ndikunena makaniko wachikulire wa m'galaja, kapitawo wa kumunda wa tiyi, mayi amene wasunga mafayilo a muofesi zaka makumi awiri. Kosi imatha m'masabata ochepa; ntchito yeniyeni amaphunzitsa ndi anthu amenewa. Ndiwo amakuuza kuti injini ikalira chonchi vuto lili apa, kuti kalata yotere sipita kwa bwana Lachisanu masana. Salipidwa pa uphunzitsi umenewu, salandira satifiketi, ndipo amadziwa bwino lomwe kuti mnyamata wa digiri amene akumuonetsa pogwira lero ndiye adzasaina kalata yawo yopumira mawa.

Ena mwa iwo amabisa nzeru. Ikafika nthawi yomasula pamene pali povuta, amamtuma mnyamata kuti akatenge sipanala kusitolo, akamabwera n'kupeza zatha. Ife timathamangira kunena kuti imeneyi ndi nsanje. Ine mawu amenewo amandilemera pakamwa. Munthu wopanda pepala lililonse, chimene chimamsunga pantchito ndi chinsinsi chakecho. Tikamuuza kuti aulule zonse, tikumuuza kuti atsegule nkhokwe yake chaka cha njala. Chondidabwitsa n'chakuti ambiri amatsegulabe, ndipo amatero asanalonjezedwe kanthu.

Ngati pali ngongole imene wophunzira sangaikane, ndi ya kwa munthu ameneyu. Ya kampani imawerengeka m'makwacha ndi m'zaka, ndipo khoti lingathe kuiweruza. Ya mkuluyu palibe amene anaiwerengapo. Papepala la pangano lija pali malo osainira a bwana, a wophunzira, ndi a mboni. Nthawi zina mkulu yemweyo ndi amene amaitanidwa kuchokera m'galaja, n'kupukuta girisi m'manja, kuti adzasaine ngati mboni.